Opaleshoni ya phudzi munthu ali maso: mmene mankhwala a dzanzi amagwirira ntchito

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Kande, m'dera la Mfumu Fukamapiri m'boma la Nkhata Bay, ntchito zambiri za abambo zimalira mphamvu ndi thupi lomasuka: kupalasa bwato usiku wonse, kukoka chilimira, kunyamula usipa kupita nawo pathandala, kulima chinangwa, kupalasa njinga mumsewu wa M5. Bambo amene watupa thumba la mavalo, vuto limene ambiri amalitcha phudzi, zonsezi zimayamba kumukanika pang'onopang'ono. Ena amakhala nalo zaka zambiri osauza munthu, kwinaku akubisa ndi zovala zikuluzikulu.

Chimene chimawaletsa kupita kuchipatala si manyazi okha. Ambiri amaopa fiyeta chifukwa amaganiza kuti opaleshoni iliyonse ndi yogonetsa munthu tulo, ndipo amene wagonetsedwa mwina sadzukanso. Chikhalirecho maopaleshoni ambiri a pathumba la mavalo ndi ena a njira ya mkodzo amatheka munthu ali maso, atangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi pamalo pomwe pakung'ambidwapo.

Njira zitatu zoletsera ululu

Achipatala ali ndi njira zikuluzikulu zitatu zoletsera ululu pa opaleshoni. Yoyamba ndi yogonetsa munthu tulo tofa nato. Njirayi imafuna katswiri wogonetsa, mpweya wa okosijeni, makina owunika mtima ndi kapumidwe, komanso magetsi odalirika, ndipo wodwala amayenera kukhala osadya kwa maola angapo.

Yachiwiri ndi jakisoni wa pamsana, amene amayi ambiri obereka kudzera pa opaleshoni amamudziwa bwino. Mankhwala amabayidwa pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana ndipo thupi limachita dzanzi kuyambira cha pamchombo mpaka kumapazi kwa maola awiri kapena atatu. Munthu amakhala maso, koma pamafunikabe katswiri ndi diripi chifukwa kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika mwadzidzidzi, ndipo ena amamva mutu kwa masiku angapo pambuyo pake.

Yachitatu ndi kubaya mankhwala pamalo pomwepo ndi mozungulira minyewa imene imatumiza uthenga wa ululu kuchokera pamalowo kupita ku ubongo. Dzanzi limagwira kadera kakang'ono basi. Wodwala amapuma yekha, amayankhula, ndipo kawirikawiri amatuluka m'fiyeta akuyenda yekha. Mwa njira zitatuzi, iyi ndiyo yotsika mtengo ndiponso yosasokoneza kwambiri mtima ndi mapapo.

Kuchokera ku Bandawe mpaka lidocaine

Mbiri yoletsa ululu m'Malawi ili pafupi ndi anthu a ku Kande kuposa mmene ambiri amaganizira. Dr Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anachita opaleshoni pogwiritsa ntchito chloroform ku Cape Maclear m'chaka cha 1876, ndipo anthu anazizwa kuona munthu akung'ambidwa ali m'tulo kenako n'kudzuka. M'chaka cha 1881 mishoniyo inasamukira ku Bandawe, pakati pa Chintheche ndi Kande, kumene Laws anapitiriza ntchito ya udokotala mpaka pamene likulu linasamukira ku Khondowe m'chaka cha 1894. Chloroform anali mankhwala ogonetsa, ndipo anali oopsa kumtima ndi kuchiwindi, n'chifukwa chake anasiyidwa.

Mankhwala a dzanzi anayamba m'chaka cha 1884 pamene Carl Koller, dokotala wa ku Vienna, anaonetsa kuti madontho a cocaine amachititsa diso dzanzi moti n'kulichita opaleshoni. Posakhalitsa William Halsted wa ku America anayamba kubaya mankhwalawo pafupi ndi minyewa, ndipo m'chaka cha 1898 August Bier wa ku Germany anachita opaleshoni yoyamba ya jakisoni wa pamsana. Popeza cocaine anali wa poizoni ndi wozunguza bongo, akatswiri anafunafuna mankhwala ena. M'chaka cha 1943, Nils Löfgren ndi Bengt Lundqvist a ku Stockholm anapanga lidocaine, amene m'zipatala za kuno amatchedwanso lignocaine. Mankhwalawa ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo ndi omwewo amene amabayidwa pozula dzino kapena posoka bala.

Mmene dzanzi limabwerera

Uthenga wa ululu umayenda m'minyewa ngati mphamvu yamagetsi, ndipo kuti uyende pamafunika kuti mchere wa sodium uzilowa m'minyewamo kudzera m'timipata ting'onoting'ono. Lidocaine amatseka timipatato kwa kanthawi. Uthenga ukalephera kudutsa, ubongo sudziwa kuti pali chimene chikuchitika pakhungu. Dzanzi limayamba pakangotha mphindi zochepa ndipo limakhala ola limodzi kapena awiri. Mankhwala ena otchedwa bupivacaine amachedwa kuyamba koma amakhalitsa maola angapo, ndipo nthawi zina amasakanizidwa ndi lidocaine kuti wodwala asamve ululu msanga opaleshoni ikatha.

Minyewa yonyamula ululu ndi yopyapyala ndipo imagwidwa msanga kusiyana ndi yonyamula uthenga wa kukhudza. N'chifukwa chake wodwala amamvabe kuti akugwidwa kapena kukokedwa ngakhale sakumva kuwawa. Kumva kotereku sikutanthauza kuti mankhwala akanika.

Mlingo wake umatengera kulemera kwa munthu, ndiye chifukwa chake amayamba wakwera pasikelo. Mlingo wosamala umene umatsatidwa pa mdulidwe ndi mamiligalamu atatu a lidocaine pa kilogalamu iliyonse. Bambo wolemera makilogalamu 60 sayenera kupitirira mamiligalamu 180, omwe ndi mamililita 18 a lidocaine wa 1 peresenti, kapena mamililita 9 a wa 2 peresenti. Lidocaine wosakaniza ndi adrenaline amalola mlingo wokulirapo ndipo amachepetsa kutaya magazi chifukwa amafinya mitsempha, koma pa chifukwa chomwecho sabayidwa pachida cha abambo, kuopa kuti magazi angaleke kufika kunsonga.

Phudzi ndi gwero lake

Dzina lakuti phudzi anthu amatchulira mavuto awiri osiyana. Loyamba ndi hydrocele, pamene madzi adzadza m'kathumba kopyapyala kamene kamakuta vavalo lililonse. Lachiwiri ndi hernia, pamene matumbo atsikira m'thumba la mavalo kudzera pamalo ofooka a m'mphechepeche. Wachipatala amasiyanitsa pogwira ndi manja, pouza wodwala kuti atsokomole, powalitsa tochi kuti aone ngati kuwala kukudutsa m'madzimo, ndiponso pojambula ndi makina ngati alipo. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa maopaleshoni ake ndi osiyana.

M'madera ambiri otentha, gwero lalikulu la phudzi la madzi ndi matenda a lymphatic filariasis, omwenso amatupitsa miyendo. Amayamba ndi tinyongolotsi totchedwa Wuchereria bancrofti timene timafala ndi udzudzu, ndipo kuno kwathu ndi udzudzu womwe uja wofalitsa malungo. Tinyongolotsito timakhala m'timitsempha tochotsa madzi m'thupi n'kutiwononga, ndipo madziwo amayamba kudikha. WHO inayerekeza kuti abambo pafupifupi 25 miliyoni padziko lonse anali ndi phudzi lotere pamene ntchito yothana ndi matendawa inkayamba.

M'Malawi matendawa anapezeka kwambiri kuchigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komanso ku Karonga, koma anafala pafupifupi m'dziko lonse, kuphatikizapo maboma a m'mphepete mwa nyanja. Kuyambira m'chaka cha 2008 mpaka 2014, Unduna wa Zaumoyo unkagawa mankhwala a ivermectin ndi albendazole m'midzi chaka ndi chaka. M'chaka cha 2020 WHO inavomereza kuti Malawi yathetsa matendawa ngati vuto lalikulu la zaumoyo, ndipo linakhala dziko lachiwiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kuchita zimenezi, pambuyo pa Togo.

Komabe mapiritsi aja amapha tizilombo, saphwetsa phudzi limene linatupa kale. Abambo amene anagwidwa zaka za m'mbuyomo akali nalo, ndipo palinso phudzi limene limabwera popanda tinyongolotsi, chifukwa cha kuvulala, matenda ena kapena ukalamba. Kupopa madziwo ndi jakisoni sikuthandiza kwenikweni, pakuti amabwereranso, ndipo kubowola kapena kutema mphini pamalopo kumalowetsa tizilombo toyambitsa mafinya. Mankhwala ake enieni ndi opaleshoni.

Zimene zimachitika m'fiyeta

Wodwala akagona pabedi la opaleshoni, malowo amatsukidwa ndi mankhwala ophera tizilombo ndi kufunditsidwa nsalu zowiritsa. Dokotala amagwira pakati pa zala zake chingwe chimene vavalo limalendewerapo, momwe mumadutsa mitsempha ya magazi, njira ya umuna ndi minyewa, n'kubaya mankhwala mochizungulira cha kumtunda kwa thumbalo. Kenaka amabaya m'khungu motsata mzere umene ang'ambe. Asanakankhe mankhwala amayamba wakoka sirinji pang'ono kuti atsimikize kuti singano sinalowe mumtsempha wa magazi. Jakisoni woyamba amaluma ngati mbola kwa masekondi angapo, ndipo pa ntchito yonseyi ululu weniweni ndi umenewo.

Pakapita mphindi zingapo dokotala amatsina khungu ndi kachipangizo n'kufunsa wodwala ngati akumva. Akatsimikiza kuti dzanzi lagwira, amang'amba, kuchotsa madzi, ndi kukonza kathumba kaja kuti kasasungenso madzi. Ena amakatembenuza n'kukasokera kumbuyo kwa vavalo, njira yodziwika ndi dzina la dokotala wa ku France, Jaboulay. Ena amakapinda ndi ulusi motsata njira ya Lord. Koma pa phudzi la tinyongolotsi, pamene kathumbako kamakhala kokhuthala ndi kodwala, akatswiri ambiri amasankha kukadula n'kukachotsa. Vavalo lenilenilo limasiyidwa m'malo mwake pokhapokha litapezeka kuti linawonongeka kotheratu, ndipo opaleshoniyi cholinga chake si kufula munthu monga ena amanenera. Nthawi zambiri imatha ola lisanakwane.

Pamene chingwe chija chikukokedwa, ena amamva kulemera m'mimba, nseru kapena chizungulire. Wodwala ayenera kunena nthawi yomweyo, pakuti ubwino wokhala maso ndi womwewo. Dokotala akhoza kuima, kuwonjezera mankhwala ngati mlingo ukulola, kapena kupereka mankhwala ena okhazika mtima pansi.

Maopaleshoni ena a dzanzi

Mdulidwe wa kuchipatala ndiwo opaleshoni ya dzanzi imene abambo ambiri a m'Malawi aionapo. Atonga a ku Nkhata Bay analibe mwambo wa mdulidwe ngati jando la Ayao, choncho ambiri anaudziwira kuchipatala. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, Kisumu ku Kenya ndi Rakai ku Uganda anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti bambo atenge HIV kwa mayi, ndipo m'chaka cha 2007 WHO ndi UNAIDS anaulimbikitsa ngati njira imodzi yodzitetezera. Mankhwala amabayidwa patsinde pa chida ndi mozungulira, ndipo ntchito yonse imatenga pafupifupi theka la ola.

Kutseka kwa abambo, njira yolera yosabwezeka, nakonso kumachitika ndi dzanzi. Timachubu tiwiri todutsa mbewu timadulidwa ndi kumangidwa kudzera pakabowo kakang'ono. Njira yosagwiritsa ntchito mpeni inayambitsidwa ndi Li Shunqiang ku China m'chaka cha 1974. Mphamvu ya m'banja sisintha, koma banja liyenera kugwiritsa ntchito njira ina yolera kwa miyezi itatu yoyambirira.

Abambo achikulire amene mkodzo wawatsekera chifukwa cha kukula kwa kachiwalo kotchedwa prostate amathandizidwa polowetsa kapaipi m'njira ya mkodzo, atapaka mankhwala oterera, amene nthawi zina amakhala ndi lidocaine. Njirayo ikakhala yotsekeka, khungu la pachinena limabayidwa dzanzi ndipo kapaipi kamalowetsedwa mwachindunji m'chikhodzodzo. Kwa anthu a kunyanja nkhani ya chikhodzodzo ndi yaikulu chifukwa cha likodzo, lomwe limafala kudzera mu nkhono za m'madzi. Mazira a tizilombo take amakhazikika m'chikhodzodzo ndi m'ziwalo zoberekera za abambo, ndipo likakhalitsa limatha kuwononga njira za mkodzo ngakhale kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Likodzo limachizika ndi mapiritsi a praziquantel, osati mpeni, koma zotsatira zake zikafika poipa zimafuna akatswiri a kuchipatala chachikulu.

Pamene dzanzi silikwanira

Njirayi ili ndi malire ake. Phudzi lalikulu kwambiri, la mbali zonse ziwiri, lokhuthala chikopa kapena lophatikizana ndi kutsika kwa matumbo limafuna mankhwala ochuluka kuposa mlingo wololedwa, choncho jakisoni wa pamsana ndiye amakhala woyenera. Ana aang'ono sangathe kugona phee, motero amagonetsedwa. Pamalo potupa ndi mafinya mankhwala a dzanzi sagwira bwino chifukwa minofu yodwalayo imakhala ndi asidi wambiri. Munthu wamantha kwambiri nayenso ali ndi ufulu wokambirana ndi dokotala njira ina.

Pali mavuto ena amene sadikira tsiku la opaleshoni. Ululu waukulu wadzidzidzi wa vavalo limodzi, makamaka kwa mnyamata, ungatanthauze kuti chingwe chake chapotokola ndipo magazi sakufika. Vavalolo limapulumuka kawirikawiri ngati opaleshoni yachitika pasanathe maola asanu ndi limodzi. Phudzi la matumbo limene lauma, likuwawa, silikubwerera m'mimba ndipo munthu akusanza ndi ngozi ya moyo. Chimodzimodzinso khungu la pathumba la mavalo likayamba kuda ndi kununkha munthu akutentha thupi, makamaka wodwala shuga. Chotupa cholimba cha m'vavalo mwenimwenimo chiyenera kuyezedwa msanga chifukwa chikhoza kukhala khansa.

Mankhwala a dzanzi nawonso amavulaza akapitirira mlingo kapena akalowa mumtsempha wa magazi. Zizindikiro zake ndi dzanzi la milomo ndi lilime, kumva ngati chitsulo m'kamwa, kulira kwa m'makutu, chizungulire, kunjenjemera, ndipo zikafika poipa munthu amakomoka ngati wakhunyu kapena mtima umasokonezeka. Zimenezi sizichitika kawirikawiri, koma ndizo zimachititsa kuti ngakhale opaleshoni yaing'ono ichitikire pamalo pamene pali anthu ophunzira, okosijeni ndi mankhwala otsitsimutsira munthu.

Chifukwa chake njirayi ndi yofunika kumadera ngati Kande

Munthu wa ku Kande amayambira pachipatala chaching'ono cha m'deralo, n'kutumizidwa ku Chintheche kapena kuchipatala cha boma cha Nkhata Bay, ulendo wa makilomita opitirira 50, ndipo zovuta kwambiri zimapita ku Mzuzu Central Hospital. Thandizo m'zipatala za boma ndi laulere, koma ulendo, chakudya cha womudikirira ndi masiku osapita panyanja zimadya ndalama. Opaleshoni imene imalola munthu kutuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake imachepetsa mtolo umenewu.

Kuperewera kwa akatswiri si vuto la Malawi yokha. Lipoti la Lancet Commission on Global Surgery la m'chaka cha 2015 linati anthu mabiliyoni asanu padziko lapansi alibe mwayi wa opaleshoni ndi mankhwala oletsa ululu odalirika pamtengo woti angaukwanitse. M'zipatala za m'maboma kuno, maopaleshoni ambiri amachitidwa ndi ma clinical officer, ndipo ogonetsa odwala ambiri ndi ma clinical officer amene anaphunzira kusukulu ya ntchitoyi imene Dr Paul Fenton anayambitsa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Wogonetsa mmodzi akatanganidwa ndi amayi obereka ndi anthu a pangozi, phudzi limaikidwa kumapeto kwa mzere chifukwa silipha msanga. Dzanzi limathandiza kuti mzerewo uziyenda, popeza amene akuchita opaleshoni ndiye amabayanso mankhwalawo.

Phindu la opaleshoni ya phudzi linaoneka kuchigwa cha Shire, kumene Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi Liverpool School of Tropical Medicine unachititsa maopaleshoni ambiri pa nthawi imodzi. Kafukufuku amene anatsatira abambo a ku Chikwawa ndi Nsanje, wofalitsidwa m'chaka cha 2020, anapeza kuti pambuyo pa opaleshoni ululu unachepa, ambiri anayambanso kuyenda ndi kugwira ntchito bwino, ndipo anabwerera pakati pa anzawo.

Kukonzekera ndi kusamala bala

Wodwala ayenera kuuza achipatala matenda onse amene ali nawo, monga shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, vuto la mtima kapena la chiwindi, komanso mankhwala amene akumwa, kuphatikizapo ma ARV, asipirini, mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ndi azitsamba. Ngati jakisoni wa dzanzi anamuyipirapo kale, monga pozula dzino, anene. Mowa usamwedwe tsiku la opaleshoni lisanafike, ndipo malangizo a kadyedwe atsatidwe, chifukwa nthawi zina pamafunika kusintha njira opaleshoni ili mkati.

Dzanzi likatha bala limayamba kuwawa, ndipo panado ndi mankhwala ena amene aperekedwa amathandiza akamwedwa pa nthawi yake. Kabudula wamkati wogwira bwino amachirikiza thumbalo ndi kuchepetsa kutupa. Kutupa pang'ono kwa milungu ingapo n'kwachibadwa. Bala liyenera kukhala louma ndi laukhondo, choncho kusamba m'nyanja, kupalasa bwato kapena njinga, kukoka makoka ndi kunyamula katundu wolemera ziyenera kudikira mpaka achipatala atavomereza, kawirikawiri pakapita milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Amene wachita mdulidwe amauzidwa kupewa kugonana kwa milungu isanu ndi umodzi.

Thumbalo likatupa msangamsanga n'kulimba, bandeji ikanyowa magazi, bala likatuluka mafinya, thupi likatentha kapena mkodzo ukakanika kutuluka, munthu abwerere kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene analemberedwa. Kudziunjikira kwa magazi ndi kulowa kwa tizilombo m'bala ndiwo mavuto awiri amene amachitika kawirikawiri pa opaleshoni ya phudzi, ndipo onse awiri amachizika mosavuta akadziwika msanga.

Phudzi likamakula ndi pamenenso limafuna opaleshoni yaikulu, jakisoni wa pamsana ndi masiku ambiri m'chipatala. Bambo amene wapita kukayezetsa likadali laling'ono ndi amene ali ndi mwayi waukulu wothandizidwa ndi jakisoni wa dzanzi yekha, ali maso, n'kubwerera kwawo msanga.